Kontena ya POC (products of conception, zotsala za mimba) ilibe fomu ya disposition (yonena koika zotsalazo), nditani nayo?

Wa ku Histology: Anzanga a ma lab kuno ku Indiana, ndithandizeni msanga. Mayi anapita padera, anamuchita D&C (kupala m'chiberekero), POC inabwera mu formalin. Ma block ndi ma slide (tizidutswa toyezera pa microscope) tinapanga, ripoti latuluka. Zotsala nthawi yotaya yakwana koma fomu ya disposition mu chart mulibe, mayiyo anatuluka kalekale. Aku OR (ku theatre) akuti ndi nkhani ya lab, supervisor ali pa tchuthi. Ndatopa nako kukankhirana kumeneku.

Namwino wa L&D (ku maternity): Asisi, musayerekeze kuiponya mu red bag (thumba la zinyalala za infectious waste). Lamulo la Indiana la HEA 1337 lija bwanamkubwa wa nthawiyo Mike Pence anasaina mu 2016 linachotsa zotsala za mwana wosabadwa m'gulu la infectious waste. Chipatala chiyenera kukwirira kapena kuchita cremation, ndipo amene apita padera akukhudzidwanso, osati ochotsa mimba okha. Supreme Court inavomereza gawo limeneli mu Meyi 2019 pa mlandu wa Box v. Planned Parenthood. Iikeni pa shelefu yakeyake, mulembepo HOLD.

Achimwene a Night Shift: Funso n'limodzi, pathologist anaona chiyani? Ngati ndi chorionic villi ndi decidua basi (minofu ya placenta ndi ya m'chiberekero), popanda fetal parts (ziwalo za mwana), imeneyo ndi tissue ngati ina iliyonse.

Namwino wa L&D: Achimwene, amagamula zimenezo ndi a compliance (oona kuti chipatala chikutsata malamulo), osati ife. Kwathu chilichonse cholembedwa POC chimapita kwa a funeral home. Lamulo limalola cremation ya ambiri pamodzi, ndiye mtengo si chifukwa.

Mayi a ku South Bend: Ana inu simunaone za Klopfer, dokotala wochotsa mimba uja. Atamwalira mu 2019 anapeza zotsala za ana 2,411 m'galaja yake ku Illinois ndi m'buti ya galimoto, zonse zochokera m'ma clinic ake a kuno ku Indiana. Anadzaziika m'manda kuno ku South Bend mu Febuluwale 2020. Chichokereni pamenepo boma silisekerera pepala likasowa. Ine ndinaitanidwapo mu ofesi chifukwa cha siginecha imodzi, mwendo unanjenjemera.

Achimwene a Night Shift: Za Klopfer n'zina, Mayi. Ine ndikunena villi. Werengani ripoti kaye.

Wa ku Histology: Ripoti likuti "products of conception", gross (gawo lofotokoza zooneka ndi maso) sinatchule fetal parts. Ndimuimbire ndekha mayiyo?

Mayi a ku South Bend: Ayi mwanawe! Imeneyo ndi ntchito ya social worker kapena chaplain. Mayi ali ndi ufulu wosankha yekha koika, ena amafuna kukatenga, ena safuna kumvanso n'komwe. Kumudzi mtayo amakaika ndi azimayi akuluakulu mwakachetechete, mwini wake osafunsidwa mafunso. Kuno munthu akukha magazi, tikumupatsa cholembera. Zimandiwawa mpaka lero.

Wa ku ER: Chenjeraninso ndi zimene mukulemba m'gulu muno, HIPAA (lamulo losunga chinsinsi cha odwala) siona kuti ndi Chichewa. Komanso ena amaganiza kuti lamulo la HEA 1337 lija linaimitsidwa. Jaji analiimitsadi mu Seputembala 2022, koma khoti la apilo la Seventh Circuit linalibwezeretsa mu Novembala chaka chomwecho. Lembani imelo kwa compliance kuti pakhale umboni kuti munafunsa.

Achimwene a Night Shift: Ndiye gross yanena kale kuti fetal parts palibe. Mfundo yanga ndi yomweyo.

Namwino wa L&D: Nanga ma block a paraffin kwanuko mumatani nawo ikatha nthawi yosunga?