Khoma lili pafupi ndi mzere, defenda akumuphimba woponya throw-in

Refa wa ku Senga Bay: Akuluakulu ndithandizeni pang'ono. Bwalo lomwe tikuimbira magemu a basketball a masukulu kunoko khoma lili pafupi zedi ndi mzere wam'mbali, mwana akaima ndi mpira kuti aponye throw-in (kuulowetsa m'bwalo kuchokera kunja kwa mzere) msana umagunda khoma, ndiye defenda amabwera kudzamuphimba manja m'mwamba mpaka mpira osatuluka, masekondi 5 oponyera mpira atha ine ndamuimbira woponyayo violation (kuphwanya lamulo) basi makochi kundilusira. Wolakwa ndani apa?

Aphunzitsi a PE, Nkhotakota: Achimwene pamenepo akulangidwa ndi wosalakwa. Article 17 ya malamulo a FIBA, bungwe loyang'anira basketball padziko lonse, imati ngati pakati pa mzere ndi chotchinga chakunja sipakukwana mamita 2, osewera enawo atalikire mita imodzi kuchokera kwa woponyayo. Pabwalo lotakasuka mwana amatha kubwerera m'mbuyo mmene angafunire, kumbali ndiye mita imodzi yokha, nanga pakhoma abwerera kuti?

Mayi refa, Salima boma: Zoona aphunzitsi. Ndipo ngakhale malo atakhalapo, dzanja kapena phazi la defenda lisadutse mzere mpira usanaponyedwe. Koyamba imbani wezulo, muchenjezeni, muuzenso kochi wake kuti chenjezolo ndi la timu yonse, throw-in ibwerezedwe. Akabwereza technical (faulo ya khalidwe losayenera). Koma wotchi ikafika 2:00 kapena kuchepera mu kota ya 4 ndi overtime, chenjezo lanu ndi sign ija ya dzanja yomwe mumapanga musanapereke mpira, akadutsa basi technical pompo, free throw imodzi mpira n'kubwerera kwa eni ake. Ambirife sign imeneyi timaiiwala gemu ikatentha, ndipo ndi pomwe mikangano imayambira.

Refa wa ku Senga Bay: Nanga woponyayo akatambasula manja mpira n'kukhala m'kati mwa bwalo, defenda n'kuuthyapa?

Mayi refa, Salima boma: Saloledwabe, mpira ukadali m'manja mwa woponya. Ana amaonera ma clip aku America pa foni n'kumati ndi zololedwa, ife timatsata FIBA.

Madala a ku Chipoka: Ndiwonjezereko chimodzi ana anga. Mu mphindi 2 zomalizazo defenda akamukoka kapena kumukankha mnzake mpira usanachoke m'manja mwa woponya, kuyambira 2022 imeneyo ndi throw-in foul, amene wachitiridwa faulo aponye free throw imodzi kenako timu yake iyambenso ndi throw-in pafupi ndi pomwe zachitikira. Ndikuonabe ena akuimba unsportsmanlike (faulo ya chilango chachikulu) ngati kale, kumulemetsa mwana ndi chilango chosamuyenera, zimandiwawa ndithu. Pokhapokha ngati kukankhako kwachita kunyanya.

Aphunzitsi a PE, Nkhotakota: Loweruka lawirirani, yezani khomalo ndi tepi makochi onse awiri akuona, muwauze gemu isanayambe kuti mbali imeneyo mita imodzi ikugwira ntchito. Ndipo musapereke mpira defenda asanasunthe.

Refa wa ku Senga Bay: Zamveka akuluakulu, zikomo. Tepi ndibwereka kwa kalipentala wapafupi nafe, ma captain ndiwauzanso pa toss... pepani, pa jump ball.