Kodi mbali ya Thekerani itakhala boma palokha, monga zinachitikira ku Phalombe, tingapindule chiyani?

Mphunzitsi wa kwa Nsabwe

Moni kwa nonse a kuno ku Thyolo, a ku Mulanje ndi a ku Phalombe. Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale m'dera la Mfumu Yaikulu Nsabwe, ndipo pali nkhani imene makolo amaiyambitsa kawirikawiri tikamaliza msonkhano wa komiti ya sukulu. Iwo amati boma la Thyolo lakula mopyola muyeso, choncho mbali ino ya Thekerani, pamodzi ndi kwa Mbawela ndi kwa Thukuta, iyenera kudulidwa kuti ikhale boma palokha, lokhala ndi bwanamkubwa wake, khonsolo yake ndi chipatala chake chachikulu.

Maganizo amenewa ali ndi pogwira. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu opitirira 720,000 m'boma la Thyolo, pamene boma la Neno linali ndi anthu osakwana 140,000 ndipo la Likoma osakwana 15,000, koma maboma onsewa ali ndi maofesi awoawo. Kuno mayi amene akulondola chuma chamasiye cha malemu amuna ake amalawirira kusanache, kukwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, kenako minibasi, ndipo akakapezeka kuti waiwala pepala limodzi, monga kalata ya a mfumu, amabwerera kudzayambanso ulendo womwewo sabata yotsatira ndi ndalama zokongola. Msewu wa phula wochokera ku Thyolo wachepetsa mavuto, koma anthu a m'midzi ya kutali amadutsabe zitunda ndi zigwa asanaufike.

Funso langa likupita makamaka kwa inu a ku Phalombe, amene munali pansi pa Mulanje mpaka 1998: kodi kukhala boma panokha kunasintha chiyani pa moyo wa munthu wa kumudzi? Ndikufuna kukayankha makolo aja ndi mfundo zogwirika.

Namwino wopuma, Migowi

Zikomo aphunzitsi. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino mbali ino kwa zaka zambiri, Phalombe asanakhale boma komanso atakhala boma, choncho ndinena zimene ndinaona ndi maso anga.

Zimene zinafika msanga ndi dzina ndi maofesi, ndipo sindingazinyoze. Kale nkhani iliyonse ya kwa bwanamkubwa inkafuna ulendo wozungulira phiri kudzera pa Chitakale, pamsewu umene m'dzinja unkasanduka matope okhaokha. Napolo atatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, n'kukokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana, likulu la boma lathu linali kuseri kwa phiri. Namondwe wa Freddy atatikantha mu Malichi 2023, kwa Nkhulambe kunaonongeka koopsa, koma ulendo umenewu bwanamkubwa ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi anali a konkuno, anthu odziwa mitsinje yathu ndi mafumu athu ndi mayina awo. Pa nthawi ya tsoka, kusiyana kotereku n'kwakukulu kwambiri.

Koma makolowo akamanena za chipatala, muwauze kuti adekhe mtima. Boma lathu linabadwa mu 1998, ndipo chipatala chachikulu cha boma pano pa Migowi chinatsegulidwa mu 2022. Zaka 24 zonsezo odwala ofunika opaleshoni ndi amayi ovutika pobereka ankadalira Holy Family, chipatala cha mishoni ya Katolika, kapena kutumizidwa m'maboma oyandikana nawo. Mtsikana amene anabadwa m'chaka cholengezedwa boma anali atabereka kale ana akeake pamene chipatalacho chinkalandira wodwala woyamba. Nawonso msewu wochokera ku Chitakale kudutsa kuno mpaka ku Jali ndi Zomba unatenga zaka zoposa khumi kuti uthe. Ine sindinong'oneza bondo kuti tinachoka ku Mulanje, koma ndinaperekeza kumanda anthu amene anamwalira akuyembekezera zimene zinalonjezedwa.

Kalaliki wakale wa khonsolo, Mulanje

Mayi a ku Migowi anena zoona, ndipo ine ndikufuna kufotokoza chifukwa chake zinthu zimachedwa chotero, popeza ndinakhala zaka zambiri ndikulemba mabuku a ndalama za khonsolo.

Kulengeza boma latsopano ndi ntchito ya pepala limodzi, koma kuliyendetsa ndi nkhani ya ndalama za mwezi ndi mwezi. Boma latsopano limafuna bwanamkubwa, mkulu woona za mapulani ndi chitukuko, mkulu wa zachuma, akuluakulu a zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi, polisi yaikulu ndi bwalo la majisitileti, ndipo aliyense wa amenewa amafuna ofesi, nyumba, galimoto ndi mafuta ake. Ndalama zoyamba zimathera kumeneko mjigo ngakhale umodzi usanakumbidwe. Dziko lino lili ndi maboma 28 ndi makhonsolo opitirira 30, tikaphatikiza a mizinda ndi matauni, ndipo pafupifupi onse amadalira ndalama zochokera ku Lilongwe, zimene zimadutsa ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo ya NLGFC. Ngati thumba la ku Lilongwe silinakule, kuonjezera boma kuli ngati kugawa nsima yomweyo m'mbale zambiri.

Ndondomeko ya mphamvu ku anthu, imene inakhazikitsidwa mu 1998 pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, inalonjeza kuti makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 peresenti ya zimene dziko limatolera, kuti zigwire ntchito za chitukuko m'maboma. Kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akudandaula kuti lonjezo limeneli silikwaniritsidwa, ndiponso kuti ngakhale zimene zavomerezedwa mu bajeti zimafika mochedwa. Kumbukiraninso kuti makhansala oyamba pansi pa lamulo limeneli anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Phalombe, Balaka, Likoma ndi Neno anakulira m'zaka zimenezo, pamene panalibe munthu wosankhidwa ndi anthu a m'wodi woti afunse mmene ndalama za khonsolo zayendera. Mu 2010 lamulo linasinthidwanso kuti aphungu azivota nawo m'khonsolo ndiponso kuti bwanamkubwa azisankhidwa ndi nduna, zimene zikutanthauza kuti ngakhale ofesi itakhala pakhomo panu, chingwe chake chimakokedwa kuchokera kutali.

Tsono tiyang'ane mbali yanuyo, aphunzitsi. Ndalama zimene khonsolo imatolera yokha zimachokera kwenikweni ku ziphaso za m'misika, malayisensi a mabizinesi ndi malipiro ena ang'onoang'ono. Misika ikuluikulu ya Thyolo, monga Bvumbwe ndi wa paboma, idzatsala m'boma lakale. Anthu ena amaganiza kuti minda ya tiyi ndi imene imalemeretsa khonsolo, koma misonkho ikuluikulu ya makampaniwa imatoleredwa ndi bungwe lotolera misonkho la MRA n'kupita ku thumba la dziko lonse. Ndalama za thumba la chitukuko la CDF nazonso zimatsata dera la phungu, choncho sizichuluka chifukwa choti malire a boma asintha. Boma la Thekerani lingayambe moyo wake ndi misika yochepa, misewu ya m'mapiri yodula kukonza, ndi ngongole ya kumanga chilichonse kuyambira pansi.

Maganizo anga ndi akuti chimene mayi wamasiye mwamutchulayo akusowa si bwanamkubwa watsopano ayi, koma ofesi yapafupi yokhala ndi mphamvu zosayina. Khonsolo ikhoza kutsegula nthambi pa Thekerani yokhala ndi kalaliki wa chuma chamasiye, wa zitupa za unzika ndi za kubadwa, ndi wa zamalo, popanda kudikira kuti wina ku Lilongwe alengeze boma.

Mlimi wa nthochi, membala wa komiti ya chitukuko cha dera la mfumu yaikulu (ADC), Thekerani

Bambo a ku Mulanje, mwatiphunzitsa zambiri ndipo ndikuthokoza, koma pa mfundo yanu yomaliza sindikugwirizana nanu.

Nthambi ya ofesi imakhala ndi moyo malinga ndi mtima wa amene ali pampando nthawi imeneyo. Mafuta akachepa, woyamba kuuzidwa kuti adikire ndi wa kunthambi, ndipo wogwira ntchito akasamutsidwa, palibe lamulo lokakamiza kuti pabwere wina. Boma ndi losiyana, chifukwa likangolembedwa limakhala ndi mzere wakewake mu bajeti ya dziko, ndipo aliyense wokonza mapulani a chipatala, sukulu ya sekondale kapena ofesi ya zaulimi amakakamizika kuliwerengera. Taonani Neno, amene anachoka ku Mwanza mu 2003. Ndi boma la m'mapiri ngati kuno, ndipo anthu ake akhala akulirira msewu wa phula kwa zaka zambiri, koma bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo litafika mu 2007 linagwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo mpaka chipatala cha boma chinamangidwa. Mabungwe otere amafunsa kuti boma liti, safunsa kuti nthambi iti.

Ife kuno tinkaphunzitsa ana ndi nthochi. Magalimoto ankabwera kudzanyamula mikoko kupita nayo ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo sitima yodutsa ku Sandama inkanyamulanso zina. Matenda a chisaka atalowa, masamba anayamba kupanikizana pamwamba, mitengo n'kupinimbira osabereka, ndipo malangizo anali oti tizule zonse kuti tibzale mbewu yopanda matenda. Ntchito ngati imeneyo imafuna alangizi ambiri, mbewu yokwanira ndi mkulu wa zaulimi amene nthochi ndiyo nkhani yake yoyamba m'mawa uliwonse. M'boma la anthu opitirira 720,000, lokhala ndi tiyi, makadamiya, ng'ombe za mkaka ndi ndiwo zamasamba za ku Bvumbwe, nthochi zathu ndi nkhani imodzi chabe mwa zambirimbiri.

Mayi a ku Migowi adikira zaka 24, n'zoona, koma lero chipatalacho chilipo. Akanakhalabe pansi pa Mulanje, ine sindikhulupirira kuti chikanamangidwa, popeza Mulanje anali kale ndi chipatala chake cha boma.

Mayi wa ku Makwasa

Ndawerenga zonse mwachidwi, ndipo ndikuona kuti pali mbali imene simunaikhudze, ya malire ndi malo. Ife a ku Makwasa ndi Masambanjati tili pakati. Chipatala cha Malamulo chili pafupi nafe, ndipo ulendo wa ku Thyolo ndi wosavuta kwa ambiri a ife kuyerekeza ndi wa ku Thekerani. Mzere ukadzajambulidwa, tidzagwera mbali iti, ndipo adzatifunsa ndani? Zingatheke kuti boma latsopano lifupikitsire ena ulendo n'kutalikitsira ena.

Chachiwiri, likulu la boma limafuna malo aakulu a maofesi, chipatala, polisi, ndende ndi nyumba za ogwira ntchito. Tonse tikudziwa kuti ku Thyolo malo ndi nkhani yowawa, chifukwa nthaka yabwino yambiri ili m'manja mwa maesiteti ndipo mabanja ambiri amalima kadimba kosakwana ekala imodzi. Malo a likulu adzachokera m'minda ya anthu omwewo amene akupempha bomalo. Nkhani ya chipukuta misozi iyenera kukambidwa poyera, amayi ali pomwepo, popeza kuno malo amayenda kuchikazi ndipo amene adzataye minda ndi ifeyo.

Mphunzitsi wa kwa Nsabwe

Ndathokoza kwambiri nonse. Mfundo ya mayi a ku Makwasa ndikaifotokoza kwa makolo momwe ilili, chifukwa ambiri amene amalankhula za boma latsopano amaganiza kuti likulu lidzamangidwa pamunda wa munthu wina. Ndikuona kuti kupempha nthambi ya maofesi lero sikutiletsa kupempha boma lathulathu, ndipo makolo akhoza kunyamula zonse ziwiri. Bambo a ku Mulanje, pempho lotere liyambire pati kuti lisathere m'kamwa?

Kalaliki wakale wa khonsolo, Mulanje

Liyambire ku komiti ya chitukuko cha mudzi ya VDC, aphunzitsi, ndipo lilembedwe m'maminitsi, chifukwa nkhani yosalembedwa siyenda. Makomiti a midzi ingapo akagwirizana, alipereke ku ADC ya kwa Nsabwe, ndipo zingathandize kuti ma ADC a kwa Mbawela ndi kwa Thukuta akambiranenso nkhani yomweyo, kuti a Mfumu Yaikulu a madera onsewo adzalankhule chimodzi. Kuchokera pamenepo khansala wa wodi yanu ndi amene angaliike pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo yonse, kumene aphungu ndi mafumu amakhalanso.

Mapempho awiriwa muwalembe padera. La nthambi ya maofesi khonsolo ikhoza kuligamula yokha n'kuliika mu pulani ya chitukuko cha boma ndi mu bajeti ya chaka chotsatira, choncho mutchule maofesi amene mukufuna, masiku amene azitsegulidwa ndi nyumba imene ingagwiritsidwe ntchito. La boma latsopano khonsolo ingangolivomereza n'kulitumiza ku Unduna wa Maboma Aang'ono, ndipo kumeneko adzafuna kuona chiwerengero cha anthu a kwa mfumu iliyonse, kutalika kwa maulendo opita ku Thyolo, misika imene ingapereke ndalama ndi malo a likulu amene eni ake avomereza. Chiwerengerocho chili kale m'malipoti a kalembera wa 2018, ndipo ofesi ya mapulani kukhonsolo imasunga buku lofotokoza za chuma ndi moyo wa anthu m'boma, limene membala wa ADC ali ndi ufulu wopempha kuti aliwerenge.