Nyumba ya ku Chibavi yandikanika, ogula akungothawa kuzizira

Ejenti wa ku Katoto: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikugulitsa nyumba ya zipinda zitatu ku Chibavi, ku Mzuzu kuno, ya mpanda, madzi ndi magetsi zonse zilipo, mapepala ali bwinobwino. Chiyambireni Juni ndapitako ndi anthu anayi. Aliyense akangolowa pabalaza amapinda manja m'khwapa, n'kuyamba kuyang'ana pakhomo. Mayi wina dzana anagwira khoma la kuchipinda, n'kupukuta dzanja pachitenje osanena kanthu. Eni nyumba ali ku Lilongwe, foni tsiku ndi tsiku. Ndiwauze adikire Seputembala?

Mayi a ku Luwinga: Achimwene, mumapita nawo nthawi yanji?

Ejenti wa ku Katoto: Cha m'ma 8 m'mawa, asanapite kuntchito.

Mayi a ku Luwinga: Ndiye mukudzipha nokha. Mzuzu wa Juni, 8 koloko nkhungu isanachoke, ngakhale nyumba ya ku Kaning'ina imaoneka ngati mosungira maliro. Ine miyezi ino ndimaonetsa pakati pa 11 ndi 2 koloko basi. Ndimatuma mnyamata akatsegule mawindo onse kudakali m'mawa, makatani achotse. Nyumba yotsekedwa mwezi wathunthu imanunkha chinyezi, ndipo wogula amayamba kumva ndi mphuno asanaone matailosi anu.

Mmisiri wa ku Chiputula: Za nthawizo n'zoona amama, koma zoti mayi uja anapukuta dzanja zandikayikitsa. Khomalo lanyowa kuyambira pati? Ngati ndi pansi kukwera m'mwamba, penti n'kumafufuma ngati chitumbuwa, ndiye kuti madzi akuchokera m'nthaka. Mwina omanga sanaike pulasitiki uja pamwamba pa fawundeshoni, ndipo mbali zina za Chibavi ndi dambo, tonse tikudziwa. Koma ngati kwanyowa ndi kumwamba, m'makona, ndi thukuta la malata chabe. Usiku malata amazizira, mpweya wa m'nyumba ukawagunda umasanduka madontho. Limenelo ndi vuto laling'ono: siling'i yabwino ndi timabowo ta mpweya, zatha.

Ejenti wa ku Katoto: Ndi kumwamba adada, pakona ya kum'mawa. Siling'i ilipo koma bolodi limodzi lagwa. Kunja kwake kuli mtengo wa mapeyala waukulu, nthambi zake zagona padenga.

Mmisiri wa ku Chiputula: Basitu. Dzuwa la m'mawa silikufika pakhomapo, komanso masamba adzaza m'gatala. Sadzani nthambizo, musadule mtengo wonse, ogula ena amaukonda. Kolopani nkhungu ya pakhomayo ndi Jik, khoma liume sabata imodzi, kenako penti. Mukapaka lisanaume, pofika Ogasiti mawanga abwerera.

Ejenti wa ku Mchengautuwa: Ine ndikutsutsa zodikira Seputembala. Ndalama ku Mzuzu kuno zimayenda nthawi yozizira yomwe ino. Msika wa fodya ndi wotsegula, alimi a ku Rumphi ndi ku Mzimba ali m'tauni, a soya ndi chimanga nawonso agulitsa. Mukadikira, ndalamazo zipita ku feteleza ndi fizi ya teremu yoyamba. Kungoti mlimi kawirikawiri safuna nyumba yogonamo yekha. Amafunsa kuti, kumbuyoku pangakwane timidadada tingati ta lendi? Ndiye musamuonetse bafa, muonetseni malo otsala ndi mtunda wofika pamsewu.

Mayi a ku Luwinga: Kwathu kuno funso limakhala loti ana a ku Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, angagonemo angati. Koma Chibavi yatalikirako pang'ono.

Bambo a ku Zolozolo: Ndinenepo monga wamkulu, ndayamba ntchitoyi ena mwa inu muli ku pulayimale. Chaka china ndinagulitsa nyumba mu Okutobala, kouma gwa, aliyense akumwetulira. Mvula ya Epulo itabwera, ija yosakata masiku angapo, madzi anatulukira pansi pa simenti. Wogulayo anandipeza ku tchalitchi, pamaso pa akazi anga. Komishoni ndinadya, koma abale ake onse mpaka lero akandiona amawoloka msewu. Chichokereni pamenepo ndimakonda kugulitsa mu Juni ndi Julayi, chifukwa wogula amaiona nyumba pa tsiku lake loipa. Inu mwana wanga, konzani bolodilo, koma wogula mumuuze kuti panali chinyezi ndipo mwachita chakutichakuti. Mukabisa, aneba adzamuuza tsiku losamuka.

Ejenti wa ku Katoto: Yewo chomene nonse. Ndawaimbira eni ake, avomera za nthambi ndi siling'i, koma akuti ndalama ndiyambe ndatulutsa ine, adzandibwezera nyumba ikagulidwa.

Bambo a ku Zolozolo: Alembe zimenezo pa WhatsApp musanagule ngakhale msomali umodzi. Malisiti musunge.

Mmisiri wa ku Chiputula: Loweruka ndili ku Chibavi komweko pa ntchito ina. Mukapezeke ndi makwerero cha m'ma 10, ndidzakwere ndione gatalayo.