Gulu la mbumba: mzime akufuna digiri ya nyimbo

Amayi ake a mzime: Mwadzuka bwanji nonse. Achimwene, nkhani ija ndinakuuzani pafoni ndaibweretsa pano kuti aliyense aikepo mlomo. Mzime wathu wapeza mapointi 14 pa MSCE, nthawi yosankha maphunziro a kuyunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, yakwana, koma iye poyamba penipeni akufuna kulembapo za nyimbo. Ine mutu waima.

Malume a ku Area 25: Tadzuka chemwali. Mapointi 14 n'kumakaimba? Mwana ameneyu akhoza kuyesa za unamwino kapena za maakaunti. Kuimba aziimba Lamulungu kukwaya monga achitira kale, palibe wamuletsa.

Amayi aang'ono a ku Kawale: Achimwene, tatiyeni timumve kaye mwiniwake. Ali pagulu pompano, akungowerenga chamumtima.

Mzime: Zikomo amayi. Malume, sikuti ndikufuna kungokwera pasiteji ayi. Ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo, kuli digiri ya African Musicology pansi pa Bingu School of Culture and Heritage. Ku UNIMA ku Zomba nakonso nyimbo amaphunzitsa, limodzi ndi zisudzo ndi zojambulajambula. Ndi madigiri a zaka 4 ngati ena onse.

Malume a ku Area 25: Zaka 4 kuphunzira ng'oma. Ukamaliza ndani akakulembe ntchito?

Msuweni wa ku Area 23: Bambo, mundilole ndilankhulepo, poti ine ndimadyera momwemo. Koma ndiyambe ndi msuweni wangayu. Iwe, ukudziwa chimene ukusankha? Musicology si sukulu yopangira akatswiri a pawailesi. Ukakhala ukuwerenga mabuku, kulemba malipoti, kupita kumidzi ndi chojambulira mawu kukafunsa nkhalamba za bangwe, kaligo, sansi ndi mangolongondo, kenako n'kumalongosola kamangidwe ka nyimbozo. Ngati chimene ukufuna ndi kuumba zala pa kiyibodi kapena kujambula nyimbo mu studio, zimenezo zili ndi njira ina, yaifupi. Sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads ili kuno kwathu ku Area 23, ndipo anyamata ambiri oimba m'mabandi a mumzinda muno anadutsa kumeneko.

Mzime: Ndikudziwa. Zofufuzazo ndi zimene ndikufuna. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, Tchopa mu 2014. Bwanji ofufuza ndi kulemba za magule athu asakhale ife eniake?

Malume a ku Area 25: Za gule usayambe pano. Amayi ako ndi a Chigwirizano.

Achemwali a ku Johannesburg: Kkkk malume, akanena zolemba m'buku, sikuti akukalowa kudambwe.

Msuweni wa ku Area 23: Tsono za ndalama ndinene mosabisa, azakhali amve. Woimba wongodalira mashowo amavutika. Nthawi ya dzinja zochitika zimachepa, ndipo mafesitivo akuluakulu monga Lake of Stars kapena Tumaini wa ku Dzaleka sachitika mwezi ndi mwezi. Amene amakhazikika ndi amene ali ndi miyendo ingapo: akuphunzitsa ana kiyibodi masana, Loweruka akuimba paukwati, akupanga nyimbo za malonda a pawailesi, ndipo nyimbo zake anazilembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, kuti zikamaseweredwa azilandirako kenakake. Ine chimene chinandiphonyetsa ntchito yokhazikika pasukulu ina ndi pepala. Luso anavomera kuti ndili nalo, koma anafunsa digiri, komanso ngati ndimatha kuwerenga nyimbo yolembedwa pamizere. Ine ndimaimba ndi khutu basi.

Amayi aang'ono a ku Kawale: Apo pokha ndikuikira umboni ngati mphunzitsi. Ku pulayimale tili ndi phunziro la Expressive Arts, nyimbo ndi magule zili momwemo, koma ambirife timangophunzitsa zimene tinatola kukwaya. Wodziwa zenizeni amafunika, ngakhale kumakoleji osula aphunzitsi. Sukulu ngati Kamuzu Academy ndi Bishop Mackenzie zili ndi aphunzitsi a nyimbo. Apolisi ndi asilikali nawonso ali ndi mabandi awo. Komabe mwana wanga usanamizidwe, malo otere ndi owerengeka, salengeza chaka chilichonse.

Malume a ku Area 25: Ndi zomwe ndikunenazo. Ndiye akatenge ngongole ku Loans Board, amalize, ntchito isowe, ngongoleyo abweza ndi chiyani? Si mphatso ija, amailondola.

Amayi ake a mzime: Nanga a maakaunti onse ali pantchito, achimwene? Wa oyandikana nawo nyumba kuno digiri ili m'sutikesi, akugulitsa kaunjika kumsika wa Tsoka. Sindikuti ndavomera, koma mantha anga ndi akuti tikamukakamiza akalephera chaka choyamba, ndiye tataya zonse.

Mdzukulu wa ku Mitundu: Agogo ndawawerengera zonse. Akuti mwanayo asakanizidwe, koma akabwera pa holide adzawajambule iwo ndi anzawo a chimtali asanathe mawu. Akufunsanso ngati ku Thyolo kumazizira, bulangete agula okha akagulitsa mtedza.

Achemwali a ku Johannesburg: Agogo atsogola kale. Ine ndilonjeze laputopu, ndidzabwera nayo pa Khirisimasi. Koma mng'ono wanga, chisankho chachiwiri ulembe za uphunzitsi. Kusankhidwa kumatengera mpikisano, sungaike mtima pa kosi imodzi. Ndipo uwerenge bwino zofunika pa kosi iliyonse. Makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi ndi poyambira chabe, makosi ena amatchula maphunziro awoawo.

Mzime: Ndamva achemwali. Uphunzitsi ndilemba, sindikukana.

Msuweni wa ku Area 23: Maganizo anga ndi awa. Pamene tikudikira mayina a osankhidwa, asamangokhala pakhomo. Loweruka abwere kuno tikafunse ku Music Crossroads za maphunziro owerenga nyimbo ndi mtengo wake. Miyezi ingapo ya zimenezo idzamuonetsa yekha ngati mtima ulipodi kapena n'kutengeka ndi kuomberedwa m'manja kutchalitchi. Ine ndimutenga pamaukwati awiri atatu azikanyamula zingwe, aone kuti ntchitoyi imatha 2 koloko usiku.

Mzime: Kunyamula zingwe ndiye mundilipira, asuweni.

Msuweni wa ku Area 23: Malipiro ako ndi mpunga wa paukwati.

Amayi aang'ono a ku Kawale: Zosonkha tichite monga tinachitira ndi achemwali ake. Nyumba iliyonse K20,000 pamwezi kuyambira mwezi wamawa, pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala yanga yomwe ija. Ndiziika pano amene watumiza. Kaya akatenga nyimbo kaya uphunzitsi, malo ogona ndi chakudya zidzafuna ndalama ndithu.

Malume a ku Area 25: Zosonkha ndilibe nazo mawu, ndituma. Koma Loweruka ndipita nawo ndekha, ndikafunse kuti amene anamaliza kumeneko ali kuti lero. Mwana wanga, undipezerenso mmodzi amene anamaliza digiri imeneyi, ndilankhule naye pafoni. Fomu isatumizidwe ndisanaione.

Amayi ake a mzime: Zikomo achimwene. Ndiye mwavomera?

Malume a ku Area 25: Ndati tikaone. Ndidzakutengani pa depoti 9 koloko, mafuta mundithandize.