Zotsatira za funso langa la mwera panyanja

Mwezi watha ndinafunsa mmene tingachitire mwera ukakula mwadzidzidzi tili pakati pa ulendo wa boti la thanga kuchokera ku Senga Bay kupita ku Nkhotakota. Ambiri munandilangiza kuti tizifupikitsa thanga msanga, mphepo isanafike pachimake, ndipo malangizowo anatipulumutsa.

Titayandikira chilumba cha Mbenji, madzi a kummwera anada bii, ndipo tinatsitsa theka la thanga nthawi yomweyo, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Chimphepocho chitafika, woongolera analozetsa mutu wa boti pang'ono kumene mphepo inkachokera, ine n'kumasula chingwe cha thanga kuti boti lisapendekeke. Chimene tinalakwitsa n'chakuti tinanyamuka mochedwa, pamene asodzi a kumeneko anali atatichenjeza kale kuti tinyamuke mbandakucha.