Ma ekisitenshoni a valavu andidyera matayala awiri, thandizeni

Wa Fuso ku Chinika:
Akuluakulu ndatopa nazo. Fuso yanga imavala matayala a 11R22.5 tubeless. Mwezi watha ndinaika ma ekisitenshoni a labala, timapaipi totalikitsa valavu tija, pa matayala amkati akumbuyo kuti mnyamata wanga asiye kunamizira kuti geji sikufika. Ulendo woyamba wa ku Chipata ndi simenti, lamkati lakumanzere linaphwa osadziwa, lakunja linasenza lokha mpaka phuu tisanafike Nyimba. Awiri tsiku limodzi. Dzulo m'mawa pa yadi ndayeza lamkati lakumanja, 5 bar, pomwe Lolemba ndinapopa 7.5. Ndathira madzi a sopo paliponse, msomali palibe, thovu likutuluka pomwe ekisitenshoni yalumikizana ndi valavu. Ndamanga ndi pulayala koma likutulukabe. Ndigule olukidwa ndi waya aja kapena achitsulo opinda? Lachisanu ndikupakira, za kwa dila musanditchulire.

Mdala wa Matanka:
Chotsa, taya kudzala. Ine ndayenda Beira, ndayenda Dar es Salaam, sindinaikepo chinthu chimenecho. Double chuck, kamutu ka geji kapena pampu ka milomo iwiri kaja, ndi mawondo ako basi.

Fita wa pa Lumumba Road:
Bwana, pulayala ndi imene yakupwetekani. Mkati mwa kamutu kaja muli kalabala kotsekera mpweya, mukamanga mopyola kamaphwanyika, ndiye mukamawonjezera kumanga mukungokulitsa bala. Komanso munagula amtundu wanji? Alipo amene amakankha kapini ka valavu nthawi zonse, kutanthauza kuti paipi yonse imakhala ndi mpweya. Ikangokhulika penapake, tayala lapita. Ena amakankha kapini pokhapokha mwaikapo geji kapena pampu, amenewo ngakhale ataduka tayala limatsala lili gwa. Masulani mumve. Ngati ikulira psii pomasula, ndi yamtundu woyambawo.

Wa Fuso ku Chinika:
Ikulira. Wogulitsa sananene kalikonse, anangoti yonse ndi imodzi.

Fita wa pa Lumumba Road:
Nanga kilampu munaika? Chifukwa ambiri amene amabwera kwa ine amangoisiya ikulendewera pabowo la rimu. Wilo likamazungulira paipi ija imakwapulidwa, imakhula m'mphepete mwa bowo, ndipo m'mphepetemo ndi mwakuthwa ngati chikwanje. Sabata yatha ndinachotsa ina itaphwephwetheka mbali imodzi, ulusi wamkati uli pamtunda. Pamafunika kilampu yogwira pa rimu lakunja, kapena labala yotseka bowo lonse ndi kusiya kanjira ka paipi.

Mdala wa Matanka:
Mwamva? Kilampu, labala, kenako mudzafuna china chogwira kilampuyo. Polumikiza paliponse ndi khomo lotulukira mpweya. Vuto la mphwangayu si valavu ayi, ndi amene anamanga mawilo. Mabowo a rimu lamkati ndi lakunja ayang'anizane, valavu ina ikhale uku ina uko, double chuck ilowa bwinobwino.

Wa Canter wa ku Soweto:
Amdala pamenepo mwanena zoona, anyamata apamsewu akamakuthandiza usiku amangoponya wilo mmene lagwera. Koma ine zanga zinali zina. Ndinali ndi apulasitiki akuda otchipa aja, ndikuchokera ku Petauke ndi mtedza. Pa Manenekela ndinaponda buleki kwambiri, vuto langa ndivomera, giya ndinachedwa kutsitsa. Nditaima kuti madiramu azizire ndinamva fungo ngati wina akuotcha jumbo. Kusuzumira, ekisitenshoni yafewa yapinda ngati kandulo padzuwa. Tinagona pomwepo, network palibe, mnyamata akulira njala mpaka tinatsegula thumba la mwiniwake n'kumakukuta mtedza wauwisi. Apulasitiki pafupi ndi diramu musayerekeze.

Makanika wa ku Makeni:
Achitsulo nawonso musawatame. Chaka chatha kunabwera azungu awiri okalamba ndi galimoto yogonamo ija, Iveco Daily ya mawilo awiriawiri kumbuyo, akuchokera ku Kafue National Park. Anaika olukidwa ndi waya aatali, kunsonga n'kuwonjezera timasensa ta TPMS toyeza mpweya wa m'matayala. Koma valavu yeniyeni pa rimu inali yalabala yongokokera, TR413, ya galimoto zazing'ono, malire ake 65 psi, ndiye kuti 4.5 bar. Kulemera konseko kukugwedezeka pa msewu wa mabampu, valavu inang'ambika patsinde. Ukaiyang'ana ili bwinobwino, ukaikankha ndi chala mpweya fuu. Mayi uja anandionetsa foni yodzaza ndi machenjezo, akuti amaganiza kuti sensa ndiye yapenga. Tinaika mavalavu achitsulo omanga ndi nati. Inu a Fuso anu ndi achitsulo kale, koma ekisitenshoni yolimba yaitali yopanda chogwira imathyola ngakhale mkuwa. Musaone kukongola.

Mdala wa Matanka:
Ndiye labala imakhulika, pulasitiki imasungunuka, chitsulo chimathyola. Mwatsala ndi chiyani? Ndanena kale.

Wa Canter wa ku Soweto:
Amdala inu mumayendera hamala yogogodera matayala, tikudziwa kkkk

Mdala wa Matanka:
Hamala sinandinamizepo. Tayala lokhuta limayankha, lanjala limangoti di.

Fita wa pa Lumumba Road:
Pepani amdala, ndi ulemu wonse, hamala imakuuzani lomwe lafa kale. La 6 bar ndi la 7.5 khutu silingasiyanitse, makamaka lamkati lomwe likutsamira mnzake. Ndipo awiriwa akasiyana mpweya, lofewalo limachepa msinkhu, limakwekwereka, lolimbalo limasenza katundu wambiri n'kutentha. Ndi zimene zinachitika ku Nyimba. Komanso yezani m'mawa lisanayende, osati mutaima pa sikelo ya Kafue matayala ali moto.

Dalaivala wa Nakonde:
Abale mukukangana za paipi mwasiya chachikulu. A Fuso, tayala la 5 bar lija linayendapo ndi katundu? Lamulo la opanga matayala ndi lakuti likatsika pansi pa 80% ya mpweya wake mulitenge ngati layenda lophwa. Pa 7.5 malire ndi 6. Mawaya am'mbali amakhala atatopa, kunja osaoneka kanthu, mukamapopa limang'ambika ngati zipi. Ndinaona ndi maso anga kumpoto uko, mnyamata atagwada kutsogolo kwa tayala akupopa, linamuponya kutali ndipo khutu limodzi silimvanso. Litsitseni, alivule aone mkati, apopere mu khola lachitsulo, munthu ataima pambali ndi paipi yaitali.

Wa Fuso ku Chinika:
Linapita ku Chilanga n'kubwera, lopanda katundu popita. Kuvula tayala lero nthawi ndilibe abale.

Dalaivala wa Nakonde:
Pobwera?

Makanika wa ku Makeni:
Mukatsitsa mawilo musaiwale kubwereza manati mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Pa Chongwe imani, nanga mutaya chiyani. Ngati mukufuna mtendere weniweni, poti tayala likuvulidwa kale, ikani valavu yachitsulo yaitali yamtundu umodzi yopanda polumikiza, ikwane rimu lanu. Tengani yakaleyo popita kogula, osangotchula pakamwa.

Mdala wa Matanka:
Ameneyu ndiye wayankhula, palibe polumikiza. Ndi zomwe ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Wa Canter wa ku Soweto:
Simunanene zimenezo amdala, munati mawondo.

Dalaivala wa Nakonde:
Ndipo tizivindikiro tachitsulo tokhala ndi labala mkati tija muzimanga, matope akalowa kapini sikakhalanso bwino. Ine anandimasula tonse usiku umodzi ndili pa mzere wa pa boda, sindikudziwa kuti amakagulitsa kuti.

Wa Canter wa ku Soweto:
Amaika pa njinga. A Fuso, mukamabwerera ku Chipata muli ndi katundu? Pali matumba a soya pa Katete akusowa galimoto.