Murray cod ikukana lure yanga, ndikulakwitsa pati?

WakuMangochi:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ku Shepparton kuno ku Victoria, m'dziko la Australia, chaka chachiwiri tsopano. Ine ndinakulira pa mbedza, kwathu kampango ndi mlamba timakoka ndi usipa kapena nyongolotsi basi, ndiye anzanga akuntchito atandiuza za Murray cod, nsomba yaikulu ya m'mitsinje ya kuno, ndinagula ndodo ndi ma lure (nyambo zochita kupanga) angapo. Ndapita ku Goulburn River kanayi koma olo kugunda kamodzi komwe ayi. Ndimaponya pakati pa mtsinje nkumakoka, tsiku lonse. Zikundiwawa heavy chifukwa nsomba imeneyi ndikuifunitsitsa. Vuto ndi lure kapena kaponyedwe?

MkuluWaMulwala:
Achimwene vuto ndi pomwe mukuponyapo. Cod siyendayenda pakati pa madzi, imabisala pansi pa mitengo yogwera mumtsinje, pa zitsa, m'miyala, nkumadikira chakudya chidutse pafupi ndi kamwa. Ndiye ngati lure yanu sikugunda mtengo ndiye kuti simukuwedza cod. Ndikudziwa mukuopa kukoletsa chifukwa zinthuzi nzodula, tonse tinayamba choncho, koma gulani spinnerbait, ija ya timasupuni tozungulira, mbedza yake imaloza kumwamba ndiye imadutsa pa nthambi osakodwa kwambiri. Ponyani mpaka itsale pang'ono kukhudza chitsa, isiyeni imire kaye, kenako muzikoka pang'onopang'ono kwambiri moti muzingomva timasupunito tikunjenjemera pa ndodo. Ikagunda nthambi imani kamphindi, nthawi zambiri imaluma pomwepo.

China, musamathamange kusintha malo. Chitsa chimodzi ine ndimachiponyera ka 10 ngakhale ka 15, mbali iyi, mbali inayo, kumtunda, kumunsi, chifukwa nsombayi imateteza malo ake ndipo nthawi zina imaluma chifukwa chokwiya osati njala. Lure ina yotchedwa StumpJumper nayonso imagwira bwino ntchito imeneyi. Chingwe chikhale choluka chija amati braid, cha mphamvu ya 30lb kupita mmwamba, ndi leader (kachingwe ka kumapeto komangirira lure) yokhuthala, apo ayi ikakukokerani m'mitengo chiduka.

MayiAwiri:
Zoona zimenezo bambo. Ine ndingoonjezera za surface lure, zija zimayenda pamwamba pa madzi zikuchita phaphapha ngati kanyama kagweramo. Yesani mbandakucha kapena dzuwa likangolowa, madzi ali bata. Ikamenya imamveka phuu! ngati munthu waponya chimwala, azungu kuno amati boof, ndipo mtima umadumpha ndithu. Koma musakoke ndodo mukangomva phokosolo, mudzailanda lure kukamwa. Dikirani mumve kulemera kaye. Ikaphonya pitirizani kukoka chimodzimodzi, imabweranso.

Chembe55:
Aise zonse anenazi nzabwino koma usaiwale malamulo, kuno samasewera nazo. Kuyambira 1 September mpaka 30 November m'mitsinje cod saloledwa kuigwira, ndi nthawi yoswana, amatsegula pa 1 December. Koma ku Lake Eildon uko ndi kotsegula chaka chonse ndipo sikutali kwenikweni ndi kwanuko. Yotenga kunyumba ikhale pakati pa 55cm ndi 75cm, yochepera kapena yoposera apo ibwerere m'madzi. Komanso laisensi, mtsinje wa Murray umawerengedwa wa chigawo china cha New South Wales olo utaima tsidya la Victoria, Lake Mulwala chimodzimodzi, ndiye ya Victoria yako ija kumeneko sigwira ntchito. Kulinso ina yofanana nayo, trout cod, mlomo wake wammwamba ndi wotalikirapo kuposa wammunsi, imeneyo ndi yotetezedwa uyibweze pompo.

Ndipo chonde ukagwira yaikulu usaipachike ndi kukamwa pojambula, imavulala. Nyowetsa manja, dzanja lina uligwirizize kumimba, jambula mwachangu uyibweze. Zazikuluzo ndi zomwe zimaikira mazira ambiri, ine zimandipweteka ndikaona munthu waigoneka pa mchenga wotentha.

WakuMangochi:
Zikomo kwambiri nonse, ndaona pomwe ndimalakwitsa, mitengo ija ndimaithawa dala. Za laisensi ya New South Wales sindimadziwa nkomwe ndipo ndimati ndipite ku Murray Loweruka lino. Achimwene a ku Mulwala, spinnerbait ndiyambe ndi yolemera bwanji pa mtsinje ngati Goulburn?

MkuluWaMulwala:
Yambani ndi half ounce, ya purple ndi yakuda. Madzi akakhala othamanga kapena akuya kwerani ku 1 ounce kuti izifika pansi. Mugule ziwiri.